Mwendo Wosaponda Pansi

Nkhani iyi anandiuza mwini wake, tili awiri pa benchi lakumbuyo, mapemphero atatha ndipo anthu onse atapita. Ndaisunga monga anaiyalira. Pomwe iye anati sakudziwa, nanenso ndinena kuti sindikudziwa. Mulungu andikhululukire ngati pena ndaphonya.

Kuntchito kwawo amamutcha a Pondapansi. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi, injiniya wa zamagetsi. Ntchito yake ndi kujambula njira za magetsi pa timabolodi tobiriwira tija timaoneka munthu akatsegula wailesi. Dzinalo linachokera ku mawu a mphunzitsi wake, amene pano ndi malemu. Nkhalamba ija inkati chipu, kachipangizo kakuda komatidwa pa bolodi, chili ndi miyendo ngati bongololo, ndipo mwendo uliwonse uziponda penapake. "Mwendo ukangolendewera m'malere," inkatero, "umatola mabodza." Mayiyu anabwereza mawu amenewa kwa aliyense, mpaka dzina linamumata.

Chaka chimenecho kampani yawo inkapanga makina a m'chipinda cha makanda, aja obadwa masiku asanakwane. Makinawo ndi kabokosi koyera, kokwana m'manja awiri. Timawaya titatu timachoka m'kabokosiko n'kukamatidwa pachifuwa cha khanda. Mtima ukagunda umatulutsa timagetsi tofooka kuposa kunong'ona. M'kati mwa bokosi muli kachipu kakuda, kochepa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. A ntchitoyi amakatcha ADC, koma Pondapansi ankakatcha womasulira. Kamamvetsera kunong'ona kwa mtima kuja n'kukusandutsa manambala, manambalawo n'kuoneka pa galasi lakutsogolo. Mtima ukaima, kapena waya akachoka pachifuwa, nambala imayenera kugwera pa ziro, belu n'kulira kuti anamwino athamange.

Bolodi la makinawo sanaliyambe iye. Analiyamba injiniya wina amene anasiya ntchito mwadzidzidzi zaka ziwiri m'mbuyomo, osatsanzika, mpaka kusiya kapu yake ya tiyi pa shelefu. Ntchitoyo inagona mpaka chaka chimenecho, pomwe Pondapansi analandira mapepala ake n'kupitiriza. Anakonza zambiri. Womasulira ali ndi makutu opyapyala, amamva chilichonse. Choncho anamuika patali ndi mbali yaphokoso ya bolodi, kumene magetsi amangoyaka ndi kuzima. Anamuikira timakapasita, tizipangizo tosefa magetsi, pafupi ndi miyendo yodyera magetsi, kuti azidya zosefa. Anafupikitsa njira zochokera ku timawaya ta pachifuwa. Patatha miyezi isanu, makina makumi anayi anamangidwa n'kutsekeredwa m'makatoni. Galimoto inali kudzawatenga Lachisanu m'mawa. Chotsala chinali chimodzi: dzina lake pa pepala lotsimikiza kuti makinawo sanama.

Lachinayi madzulo, anzake akuvala majekete, iye anachita chimene ankachita tsiku lililonse asanaweruke. Patebulo pake panali makina akale oyeserera, achikasu pang'ono m'makona. Anazula timawaya pa kabokosi kamene kamayerekeza kugunda kwa mtima, n'kutisiya patebulo tisakukhudza kanthu. Galasi linaonetsa ziro. Belu linalira. Anatambasula dzanja kuti azimitse.

Belu linasiya lokha.

Pa galasi panabwera nambala. 138. Kenako 141. Kamtima kofiira ka pakona kanayamba kuphethira mwadongosolo, ngati patebulo lopanda kanthulo pagona khanda.

Anawerenga mpaka khumi. Nambala inazimirira, belu n'kuyambiranso.

Anapita ku ofesi ya abwana. Anawapeza atanyamula kale makiyi a galimoto.

"Bwana, makina akuona mtima pomwe palibe munthu."

"Kangati?"

"Kamodzi. Masekondi khumi."

Abwana anaseka, koma kuseka kwawo kunathera pakhosi. "Ndi phokoso la magetsi limenelo, mayi. Getsi la chubu, firiji, foni ya wina. Si inu nomwe mumatiphunzitsa zimenezi?"

"Phokoso siligunda ka 140 pa mphindi. Limenelo ndi liwiro la mtima wa khanda."

"Ndiye mukufuna titani? Makanda akudikira makina amenewa. Pano anamwino akuyesa ndi chala. Masekondi anu khumiwo aimitse makina makumi anayi?"

"Waya akachoka pachifuwa usiku, mwana n'kusiya kupuma, makina n'kumati zonse zili bwino, akauze mayi ake ndani? Inu?"

Abwana anayang'ana makiyi m'manja mwawo nthawi yaitali.

"Pepala lili patebulo panu. Galimoto ifika seveni koloko. Mukapanda kusaina, cholembera sichisowa dzanja. Koma mudziwe kuti mpando wanuwo nawonso susowa munthu."

"Mpando tengani, bwana. Dzinali ndi langa."

Anabwerera kutebulo kwake n'kuimbira bambo a kunyumba kuti sabwera.

"Mwakwatiwanso ndi mawaya?" anatero bambowo. "Chabwino, ana ndiwagoneka. Koma wamng'onoyu akuti nthano zanga n'zosakoma."

"Muuzeni apirire. Nanenso ndinapirira."

Mdima utagwa, alonda anakwera masitepe ndi botolo la madzi otentha. Ndi bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, amene analondera nyumbayo kuyambira isanapakidwe penti. Pondapansi anawamva akadali pansi. Nyumba imeneyo ndi yosabisa mapazi: masitepe ake ndi achitsulo, ndipo kanjira ka pakati pa zipinda n'kasimenti, kakutali, kolira ngati ng'oma. Ngakhale mphaka akadutsa, umadziwa.

"Mayi, nyumba ino usiku si yokhalamo nokha."

"Mukuopa makoswe, agogo?"

"Makoswe tinagwirizana nawo kalekale."

Anaima pakhomo ngati ali ndi mawu ena. Anayang'ana makina achikasu aja, n'kuyang'ana pansi. Kenako anangoti, "Ndili pageti. Mukaitana ndimva." Mapazi awo analira kanjira konse, masitepe onse, mpaka zii.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pondapansi anayala pepala lalikulu la chithunzi cha bolodi, n'kutenga pensulo. Anayamba pa waya wa pachifuwa n'kutsata njira mpaka pa mwendo womvera wa womasulira. Chinthu choyamba kuganizira chinali chodziwikiratu. Pa mwendo umenewo pamayenera kukhala rezisita, kanthu kochepa ngati njere ya mpiru. Ntchito yake ndi kugwira mwendowo n'kuukokera pansi waya akachoka, kuti usalendewere. Papepalapo inalipo, yolembedwa bwinobwino ndi dzanja la injiniya uja: R17. Anachonga. Anatsata njira zina zonse. Anabwereranso pa R17, n'kuchonganso. Zonse zinali m'malo mwake.

Cha m'ma naini nambala inabweranso. 140. Ulendo uno inakhala mphindi yathunthu.

Anazimitsa getsi la chubu n'kutsala ndi kanyale ka patebulo. Nambala inabwera. Anazula firiji ya m'chipinda chomwera tiyi. Inabwera. Anazimitsa foni n'kuitsekera m'dirowa. Anazula chowotcherera mawaya, anazimitsa kompyuta, anachotsa makinawo kukhoma kuti ayendere batire. Chipinda chinakhala chete, moti ankamva wotchi ya pamkono pake.

Kamtima kofiira kanaphethirabe.

Anagwira mtsempha wa pakhosi pake n'kuwerenga. Wake unali kugunda pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Sunali wake.

Anang'amba katoni imodzi, n'kutulutsa makina atsopano, n'kuwayatsa pambali pa akalewo. Ziro. Belu. Kenako belu linaima. 140. Timitima tiwiri tinaphethira pamodzi, osasemphana ngakhale pang'ono, ngati tikumvera khanda limodzi. Apo m'pamene anadziwa kuti matenda ali m'makina onse makumi anayi. Anazimitsa atsopanowo n'kuwabweza m'katoni.

Pepala losaina linali pakona ya tebulo, cholembera chili pamwamba. Analitembenuza chafufumimba.

Patapita pakati pa usiku, nambala inabwera osachokanso. Pansi pa nambalayo pamayenda kamzere kokwera ndi kutsika, kosonyeza mphamvu ya zimene womasulira wamva. Madzulo kamzereko kanali kafupi, kongonjenjemera. Tsopano kanali kutalika. Iye ankadziwa tanthauzo lake. Womasulira sapeka nkhani. Mzere ukamatalika, ndiye kuti chimene akumvacho chikuyandikira.

Ananyamula timawaya n'kutiloza kuwindo. Mzere unafupika. Anatiloza kukhomo. Unatalika.

Anatchera khutu. Masitepe sanalire. Kanjira sikanalire.

Pachitseko panagogoda, pang'ono chabe, ngati munthu woopa kudzutsa mwana.

"Odi, a nesi."

Pondapansi anali atavala chijasi choyera cha pantchito. Anacheukira kukhomo. Chitseko chinatseguka.

Anali mayi wachitsikana, woonda, tsitsi losapesa. Anavala diresi la odwala, lomanga kumbuyo. Pamkono pake panali kalamba kapulasitiki koyera. Pachifuwa anali atamangirira khanda ndi nsalu yobiriwira, monga amachitira ndi ana obadwa msanga, kuti azimva kutentha kwa mayi. Kankangooneka kachipewa koluka.

"Ndabwera kudzaona nambala."

"Sindine nesi, mayi. Mwalowa bwanji muno?"

"Anandiuza kuti ndiziyang'ana nambala. Ikakhala ilipo, mwana ali bwino. Anati ndisamamuvundukule pafupipafupi, angazizidwe."

Mayiyo anabwera mpaka kudzaima kumbuyo kwa mpando. Pondapansi anandiuza kuti anamuona akubwera, koma sanamumve. Kunafika fungo la sopo wa kuchipatala, ndi kuzizira konga kuja kumatuluka ukatsegula firiji. Mayiyo anawerama pang'ono n'kuyang'ana galasi. Kuwala kofiira kunkamuphethira pankhope. Anamwetulira.

"Mwaona? Ali bwino. Wangogona."

Nsalu yobiriwira ija inali pafupi ndi phewa la Pondapansi. Anaiyang'ana ndi m'mbali mwa diso. Khanda likagona, nsalu imakwera ndi kutsika. Iyi inali duu.

Anafuna kuitana alonda, koma lilime linali litauma. Anafuna kupemphera, koma anangokumbukira mawu awiri oyamba, Atate wathu, n'kumawabwereza mumtima. Nkhope ija sanathe kuiyang'ananso. Anagwetsa maso pansi.

Anaona mapazi. Opanda nsapato, otuwa, zala zitaloza pansi pang'ono. Pakati pa mapaziwo ndi simenti panali mpata wokwana chala. Kuwala kwa kanyale kunkadutsa pansi pake.

Ine pamenepo ndinamugwira dzanja pa benchi paja. Anandiyang'ana n'kunena kuti nayenso amadabwa mpaka lero, chifukwa chimene chinabwera m'mutu mwake sichinali kuthawa. Anamva mawu a mphunzitsi wake, omveka ngati nkhalambayo yaima pambali ndi choko m'manja. Mwendo ukangolendewera m'malere umatola mabodza.

Anayang'ana pepala lija ndi zochonga zake ziwiri. Usiku wonse anali kufunsa pepala. Bolodi lenileni sanalifunse. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Anakoka galasi lokuzira zinthu. Makina akalewo anali osamanga kumbuyo, choncho anangowatembenuza. Anapeza womasulira. Anawerenga miyendo kuchokera pakona: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anatsata kanjira ka mkuwa ndi nsonga ya pensulo. Zilembo zoyera zinalipo, R17. Pansi pake panali timalo tiwiri tonyezimira, toyera ngati mbale zotsuka. Panalibe kanthu. Rezisita inajambulidwa papepala, koma inagwa pa mndandanda wa zipangizo, ndipo omanga amamanga zimene zili pa mndandanda. Kuyambira tsiku loyamba, mwendo womvera unali m'malere.

Anatambasula dzanja n'kulowetsa chowotcherera kukhoma. Kagetsi kake kanayaka kofiira. Chimafuna theka la mphindi kuti chitenthe.

"Mukufuna kutani, a nesi?"

"Ndikonze makina."

"Sanaonongeke. Akuonetsa."

"Akunama."

Nambala inakwera. 152. 166. Mzere uja unadzaza galasi lonse. Kuzizira kunamufika pakhosi, pomwe tsitsi limathera.

"Musakhudze," anatero mayiyo. Mawu ake sanakwere. "Ndayenda nayo nthawi yaitali nambala imeneyi. Bambo aja anali pampando uwu ndinawapempha. Anandimvera."

Pondapansi anayang'ana kapu ya tiyi ija pa shelefu, yodzaza fumbi.

Anandiuza kuti ndisadzanene kuti analimba mtima. Mantha analipo. Koma mkwiyo unawaposa msinkhu. Anaona mabedi aang'ono makumi anayi. Anaona amayi makumi anayi atakhala pa timipando, maso ali pa kamtima kofiira, akukhulupirira. Anaona injiniya uja, amene anapeza timalo tiwiri tija, n'kuimirira, n'kupita kwawo osauza aliyense.

"Mayi," anatero osatembenuka, "nanenso ndinabereka. Wanga wachiwiri anabwera msanga ngati wanuyo. Ndikudziwa chimene mukupempha. Koma mawa makina awa akukagona pambali pa ana a eni. Sindilola kuti amayi awo adzayende usiku monga mukuyendera inu. Kaya mundichita chiyani, ndiwotcherera."

Kagetsi kanasanduka kobiriwira.

Anazimitsa makina, pakuti sawotcherera pa bolodi loyaka. Galasi linada.

"Nambala ili kuti?"

Anatsegula kabokosi ka marezisita n'kutola imodzi ndi kachitsulo kopanira. Kanjere kaja kanadumpha n'kukagwera mumdima. Anatola ina.

"Nambala ili kuti, a nesi? Bwezani nambala."

Dzanja la mayiyo linamugwira pamkono. Linali lozizira ngati chitsulo cha pageti m'bandakucha, ndipo linali ndi mphamvu yoposa thupi loonda lija. Zala za Pondapansi zinachita dzanzi. Rezisita inali kunsonga kwa kachitsulo, ikugwedera pamwamba pa timalo tija.

"Ndisiyeni dzanja," anatero Pondapansi. "Amene anakunamizani si ine. Ndi kamalo aka. Kayang'aneni bwino."

Sanamusiye. Koma sanamukokenso.

Anatsamira chigongono patebulo, monga anaphunzitsidwira. Anagwira mpweya. Anakhazika kanjere kaja. Anakhudza mbali imodzi ndi nsonga yotentha, mtovu unasungunuka n'kunyezimira. Kautsi kanakwera mowongoka. Anakhudza mbali inayo. Anabweza chowotcherera pamalo pake, n'kutembenuza makina.

Anayatsa.

Ziro.

Belu linalira. Linalira m'chipinda chonse, m'kanjira, mpaka m'masitepe. Masekondi khumi anadutsa. Makumi awiri. Mphindi. Silinasiye. Iye sanalizimitse. Anati anaona kuti belu limenelo linali ndi mangawa a kulira kwa usiku wina, ndipo sikunali kwa iye kulitseka pakamwa.

Dzanja lija linamasuka chala chimodzi chimodzi.

Kumbuyo kwake kunamveka nsalu ikusunthidwa. Kenako mawu, aang'ono ngati a kamtsikana.

"N'chifukwa chake pachifuwa pamazizira."

"Pepani, mayi."

"Likanalira tsiku lija."

"Likanalira. Pepani."

Panapita nthawi. Sakudziwa kuti yaitali bwanji, nanenso sindikudziwa. Kenako anamva phokoso limene amati sadzaliiwala mpaka tsiku lake lomaliza. Linali laling'ono. Mapazi awiri osavala akutera pasimenti. Phi. Phi.

Anayenda. Mapazi olemera, okhwekhwereza, a munthu amene wanyamula katundu ndipo wangozindikira kulemera kwake. Anatuluka pakhomo. Kanjira kanalira. Masitepe achitsulo analira, limodzi limodzi, mpaka pansi. Patali, geti linalira m'mahinjesi.

Apo m'pamene anazimitsa belu. Analira pang'ono, nkhope ili pa pepala lija. Kenako anakasukusula, n'kuyatsa getsi la chubu, n'kutenga mpeni wodulira makatoni.

Makina aliwonse anali ndi masikuluwu anayi. Kumasula, kuika rezisita, kumanga, kuyatsa, kusiya timawaya m'malere, kudikira mphindi ziwiri belu likulira. Likalira osapumira, ankalemba chizindikiro pansi pa bokosi n'kutenga ena. Tambala woyamba analira ali pa makina a khumi ndi anayi. Dzuwa linatuluka ali pa makumi atatu.

Abwana anafika isanakwane seveni. Anaima pakhomo. Makatoni onse anali ong'ambidwa, makina ali mbwee patebulo, pamipando ndi pansi.

"Wakulolani ndani kutsegula makatoni?"

"Palibe."

"Mukudziwa kuti galimoto yafika kale panja?"

"Idikire. Bwerani muone."

Anawakokera galasi lokuzira zinthu pa bolodi limene anali asanalikhudze. Analoza ndi pensulo timalo tiwiri tonyezimira. Kenako analoza papepala. Abwana anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku. Sanali munthu wa mawaya, koma malo opanda kanthu aliyense amawaona.

"Atsala khumi," anatero Pondapansi. "Ndisaina belu lomaliza likalira. Ngati mwapeza dzanja lina, pepala ndi ilo. Ine ndikauza oyendetsa galimoto, ndi anamwino, ndi aliyense wofunsa, kuti dzina lili pamenepolo si langa ndipo chifukwa chake ndi ichi."

Maso a abwana sanali pa pepala. Anali pamkono pa Pondapansi, pomwe chijasi chinakwera. Panali zipsera zinayi zakuda, zondondozana, ndi chimodzi kuseri.

Abwana anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Anabweranso?" anafunsa motsitsa mawu.

Pondapansi anali asanatchule za mlendo aliyense. Anawayang'ana mpaka iwo anagwetsa maso.

"Anabwera, ndipo wapita. Mukanandiuza, bwana."

Abwana anavula jekete, analipachika pa mpando, n'kukhala pansi. "Masikuluwu ndingathe," anatero. "Ndipatseni chomasulira."

Galimoto inanyamuka cha m'ma teni. Pondapansi anasaina belu la makumi anayi litalira mphindi zake ziwiri, osachepetsa ngakhale sekondi. Mzere wa R17 pa mndandanda wa zipangizo anaulemba abwana ndi dzanja lawo. Mpando uja akukhalabe iye mpaka lero, ngakhale kuti kwa mwezi wathunthu moni wawo unali wa mutu wokha.

Zotsalazo ndi zonong'ona. Amayi osesa m'nyumbamo amati zaka ziwiri m'mbuyomo makina oyamba anapita ku chipatala china kukayesedwa. Usiku wina waya anachoka pachifuwa cha khanda. Belu silinalire. Mayi ake anakhala akuyang'ana nambala mpaka kunacha, ndipo nayenso sanathe mwezi. Makinawo anabwezedwa mwakachetechete, anamatulidwa chipepala cha chipatala, n'kuikidwa pa shelefu. Amati ndi omwe aja achikasu m'makona, amene Pondapansi anatola kuti aziyeserera.

Anzake a ntchito ali ndi zawo. Amati mwendo wolendewera umatola chilichonse, ngakhale wailesi ya oyandikana nawo, ndipo mutu wosagona, wopuma utsi wa mtovu, umadzaza potsalapo. Zipsera zija amati anadzifinya yekha. Iye satsutsa. Amangowauza kuti azifunsa bolodi, osati pepala.

Ine sindine woweruza. Ndimangomutchula mayi uja m'mapemphero anga, ngakhale dzina lake sindilidziwa, pamodzi ndi kamwana ka chipewa choluka. Amene anawalenga akuwadziwa.

Koma pali mawu a alonda. Pondapansi akutuluka masana a Lachisanu limenelo, anawapeza asanapite kwawo, atakhala pa njerwa pafupi ndi geti, chipewa chili m'manja. Anawafunsa ngati analowetsa munthu usiku.

"Mwana wanga, pageti pano sipanalowe munthu," anatero. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuona chitseko cha m'mwamba chikutseguka, koma wolowa sindinamumvepo. Dzulo ndi tsiku loyamba kumva mapazi. Anatsika masitepe, anadutsa pabwalo apa, n'kudzaima pomwe waima iwepo. Sindinaone munthu. Koma anali ataima, akudikira, monga amadikirira aliyense amene sangadutse pachitsulo."

"Ndiye munatani, agogo?"

"Ndinavula chipewa, n'kutsegula."